Mutu 5: Chala Chachisanu ndi Chimodzi

1. Pansi pa tebulo

Kusukulu ankamutchula kuti Tsabola, ndipo dzinali silinamugwere mwangozi. Mtsikanayu ndiye anali wapampando wa kalabu younika mafilimu. Filimu ikadutsa pakamwa pake inkatuluka ili mbulanda. Wosewera wolira popanda misozi, mfuti yosatha zipolopolo, maliro ophethira, zonsezi Tsabola sankazikhululukira. Anzake ankati tsabola wakale ndiye sawawa, koma uyu adzawawabe ngakhale atatha mano.

Koma Loweruka limenelo Tsabola anadzuka lilime lili lolemera. Masana kunali kuonetsa filimu yatsopano mu holo ya pasukulu, ndipo aphunzitsi anasankha iyeyo kuti ikatha aimirire pamaso pa anthu, anene zimene zakoma ndi zimene zalakwika. Chovuta chinali chakuti filimuyo anaipanga ndi achimwene ake enieni.

Achimwenewo anasiya ntchito yokonza mafiriji chifukwa cha filimu imeneyi. Anthu anawaseka, ena ankati mutu wabalalika, koma iwo anakakamira mpaka anaimaliza. Tsikulo kunkabwera mayi wina wochokera ku wailesi ya kanema. Akaikonda, anali woti aitenge tsiku lomwelo kuti ikaonetsedwe m'dziko lonse.

Nkhani ya filimuyo inali yotere. Kalekale kunabwera chombo kuchokera ku nyenyezi ina yakutali. Alendo a m'chombomo anasiya mbewu yawo pakati pa anthu, n'kubwerera kwawo. Patapita mibadwo anabweranso kudzatenga zidzukulu zawo, ndipo anatseka mvula mpaka anthu atawapatsa anawo. Chizindikiro cha mwana wa kunyenyezi chinali chimodzi basi, chala chachisanu ndi chimodzi.

Dzanja lotero achimwene sanavutike kulifuna. Mng'ono wake wa Tsabola, amene onse ankangomuti Mzime poti ndiye womaliza, anabadwa ndi kachala kena pambali pa chala chaching'ono cha kumanzere. Pakhomo palibe ankakalabadira. Mwiniwake ankachita kunyadira, ankati pa masamu iye amawerenga kupitirira anzake. Pamene achimwene anamupempha kuti ajambule dzanja lake, anavomera akudumphadumpha.

M'mawa umenewo Tsabola analowa m'chipinda chosokera kukatenga yunifolomu yake. Amayi awo anali telala, ndipo anali atatuluka kukapereka zovala kwa kasitomala. Atawerama kuti atole lamba, anaona timapazi pansi pa tebulo lodulirapo nsalu.

"Mzime? Ukutani mmenemo?"

Mwanayo anali atakhala pa zigamba, dzanja lamanzere atalipanira kukhwapa, thukuta lili kamukamu pamphumi.

"Tandionetsa dzanjalo."

"Ayi."

"Ndati undionetse!"

Tsabola analikoka mokakamiza. Kachala kaja kanali katamangidwa patsinde ndi ulusi wakuda, wozunguliza kambirimbiri. Kanali katatupa, kada bii, ndipo ulusiwo unali utalowa m'mnofu.

"Mayo ine! Wakumanga ndani?"

"Ndekha. Akuti ukamanga kolimba kamagwa kokha."

"Kagwe chifukwa chiyani? Kakulakwira chiyani?"

Apa ndiye Mzime anatulutsa zonse, mawu akudukiza ndi kulira. Dzulo lake achimwene ankayesa makina oonetsera filimu mu holo, ndipo ana a pulaimale analoledwa kuonerako.

"Titatuluka anandizungulira," anatero. "Anandigwira dzanja n'kulikweza m'mwamba, akukuwa kuti, 'Bwerani mudzatenge wanu, mvula igwe!' Wina anandigenda kumsana. Mnzanga uja timakhala limodzi wasamuka benchi, akuti sakhala ndi chinthu." Anapukuta mamina ndi chigamba. "Achemwali, kodi ine si wa pano?"

Tsabola anamva chisoni ndi mkwiyo nthawi imodzi. Anatenga sizasi ya amayi, koma inali yaikulu, ndipo itangokhudza Mzime anakuwa. Anaiponya pansi, n'kubereka mwanayo kumsana, ulendo wa liwiro kuchipatala.

2. Mawu a azakhali

Kumapeto kwa msewu wawo kunali chipatala chaching'ono, ndipo namwino wake anali azakhali awo, mlongo wa bambo awo. Bambowo ankayendetsa malole a maulendo ataliatali, choncho zinthu zikavuta pakhomo, woyamba kumuthamangira anali azakhaliwa.

Sanafunse zambiri. Anagoneka dzanjalo pa thaulo, n'kuyamba kudula ulusi umodziumodzi ndi kasizasi kosongoka. Magazi atayamba kubwerera, ululu unakula, ndipo Mzime analuma kolala ya Tsabola.

"Lira, mwanangu, lira," anatero azakhali. "Kuwawako ndiye kuti chala chikadali moyo."

Atamanga bandeji n'kumumwetsa mankhwala, anamugoneka pabedi. Kenako anakodola Tsabola, natuluka naye pakhonde.

"Ukanachedwa mpaka masana tikanakamba zina," anatero. "Chala chikafa sichifa chokha, chimatha kudwalitsa dzanja lonse. Tsono tchera khutu, iwe. Ine za mafilimu sindizidziwa, ndimagona isanafike pakati. Koma anthu ndimawadziwa, poti ndimawatsuka mabala. Munthu akagwidwa ndi mantha kapena njala amafunafuna womukankhira mlandu. Sasankha wamphamvu ayi. Amasankha amene wasiyana ndi anzake, wa khungu lina, wachibwibwi, wotsimphina. Mchimwene wako wawakonzera anthu otere nkhani yokoma, ndipo wawapatsa ndi chizindikiro chomwe.

"Lero ndi ana a pasukulu imodzi. Ikapita pa kanema ndi dziko lonse, ndipo obadwa chonchi si mng'ono wako yekha. Ine ndawalandirapo angapo m'manja mwangamu, ana abwinobwino. Madzi akatayika saoleka. Amati uli ndi pakamwa. Chabwino, lero tione ngati pakamwapo ndi pongolasira anthu akutali amene sangakumve. Wakutsina khutu ndi mnansi. Ukamusekerera mchimwene wako lero, usadzanene kuti unamukonda."

Tsabola anangoti, "Ndamva, azakhali."

"Mwanayu akhala ndi ine. Ndikaweruka ndipita naye kwanga, ku holo kwanuko asapondeko."

3. Mawu a amayi

Ali pakhondepo amayi anatulukira akuthamanga, tepi yoyezera ikadali m'khosi. Aneba anali atawauza kuti aona Tsabola akuthamanga atabereka mwana. Analowa, naona bandeji ija, ndipo analira mosabisa. Anakhala pambali pa bedi akusisita mutu wa Mzime mpaka mwanayo anagona.

Pobwerera kunyumba, atadutsa pa shopu ya wometa, amayi anayamba kulankhula osamuyang'ana Tsabola.

"Ndikudziwa zimene akuuza azakhali ako. Sakunama. Koma nanenso undimvere, poti nonsenu ndinakuberekani ndine. Mchimwene wako wasekedwa mumsewu muno ngati wamisala. Wagonapo ndi njala ali pa kompyuta. Zovala za alendo akewo ndasoka ndine mpaka maso kuchita mdima. Lero ndi tsiku loyamba loti anthu amuone ngati munthu. Ukamuvula pagulu, anthuwo mawa aiwala, koma iye sadzaiwala kuti amene anamugwetsa ndi mlongo wake. Ine ndaonapo abale akulekana chifukwa cha mawu amodzi olankhulidwa pamaso pa alendo, mpaka osayenderana ngakhale pa matenda. Za m'nyumba zimathera m'nyumba. Anthu akabalalika tikhala pansi, tikambirane monga banja. Pakamwa pakopo lero upagwire."

"Koma amayi, mayi wa ku kanemayo akuitenga lero lomwe. Pomadzakhala pansipo filimu idzakhala itapita."

Amayi anangowonjezera liwiro, tepi ikulendewera.

Akuluakulu awiri anali atalankhula, ndipo aliyense anali ndi mfundo. Koma mapanga awiri avumbwitsa. Tsabola anaganiza zoyamba wakaonana ndi achimwene paokha, mwina nkhani ikanathera pomwepo popanda wovulala.

4. Kuseri kwa chitseko

Mu holo anapeza achimwene ali pa makwerero, akupachika chinsalu choyera. Pansi panali mnzawo wotchedwa Mawaya, amene analumikiza zithunzi za filimuyo pa kompyuta. Panthawiyo anali atadzikola m'zingwe zamagetsi monga mwa dzina lake.

"Achimwene, tatsikani. Pali nkhani."

"Nena ndili pompano, nthawi yatha."

"Ndi za Mzime."

Anatsika. Tsabola anawakokera kuseri kwa chitseko n'kuwafotokozera zonse, za kugendedwa, za benchi, za ulusi. Nkhope ya achimwene inagwa. Mzime ankamukonda, zimenezo palibe akanatsutsa. Ndiwo ankamuperekeza kusukulu atamunyamula paphewa mvula ikagwa.

"Chala chilipo?"

"Chilipo. Azakhali achipulumutsa."

Achimwene anausa moyo. "Ndiye zayenda bwino. Madzulo ndikamunyengerera ndekha. Ana ndi ana, iwe. Lero akumuseka, mawa akamuona pa kanema azidzalimbirana kukhala naye benchi imodzi."

"Chotsani dzanjalo, achimwene."

"Ndichotse chiyani? Ukudziwa chimene ukunena? Dzanja lija ndiye mtima wa filimu yonse. Ndikalichotsa kutsala chombo cha mgolo ndi tinyali."

"Mukhoza kujambulanso mwanjira ina."

"Mayiyo akubwera lero, osati chaka chamawa. Mwayi uwu ukandiphonya ndibwerera ku mafiriji, ndipo onse amene ankandiseka adzati tinanena." Anamugwira paphewa, mawu atafewa. "Tamvera, mlongo wanga. Ndikudziwa kuti sungaime pagulu osalasako pang'ono. Nena za tambala wolira mufilimu uja, nena za masilipasi a mlendo, anthu aseke. Zimenezo ndakulola. Koma zinazi usazikhudze. Ndakupempha."

Anakweranso makwerero. Tsabola anatsala kuseri kwa chitseko atagwira njakata.

5. Chombo chitsika

Masana holo inadzaza mpaka ena anaima m'mazenera. Kunabwera anthu ambiri kuposa amene anaitanidwa, ngakhale nkhope zimene Tsabola sanazionepo pasukulupo. Mayi wa ku kanema anakhala kutsogolo, wamagalasi, manja atapinda pachifuwa. Amayi anakhala chakumbali atavala diresi yawo yabwino. Magetsi anazimitsidwa.

Zoona zinenedwe, filimuyo inali yokoma. Chombo chitatsika m'mitambo holo yonse inati zii. Palibe akanadziwa kuti unali mgolo wa makina ochapira zovala, womatidwa tinyali ta njinga, wolendewera pa waya kuseri kwa nyumba yawo. Kulira kwa chombocho, kumene kunkanjenjemeretsa mabenchi, kunali kulira kwa makina osokera a amayi, Mawaya atakuchedwetsa pa kompyuta. Alendowo sanalankhule ngakhale liwu limodzi. Ankangopendeketsa mitu, ndipo kusalankhulako n'kumene kunkaopsa. Kamwana kena kanabisa nkhope pachifuwa cha mayi ake.

Zolakwika nazo zinalipo, ndipo zina zinali zosweketsa nthiti. Chombo chili pakati pa nyenyezi, kunamveka tambala wa aneba akulira. Mkulu wa alendowo, atayenda mtunda wonsewo, anatsika atavala masilipasi a kubafa. Katswiri wa sayansi, munthu wophunzira bwino, atangoona chinthu chachilendo chikuchita thovu anavula chipewa chodzitetezera n'kuyamba kuchinunkhiza. Ndipo filimuyo sinanene n'komwe chifukwa chimene alendo anzeru chonchi anasiyira ana awo n'kuwaiwala mibadwo yonseyo.

Kenako panafika dzanja. Linadzaza chinsalu chonse, zala zitatambasuka, kachala kaja kakuonekera bwino lomwe, ndipo kuseri kwake kunali nkhope ya Mzime. Anthu a mufilimumo anamutulutsa m'nyumba n'kukamupereka kuchombo. Chitseko chitatsekeka mvula inagwa, anthu n'kumavina m'matope, nyimbo yokoma ikulira. Filimu inathera pomwepo.

Chakumbuyo kwa holo mnyamata wina anakuwa, "Nafenso timupereke, kwatentha kuno!"

Anthu anaseka. Kenako anaomba m'manja kwa nthawi yaitali, ena ataimirira. Magetsi atayaka, nkhope ya achimwene inali kuwala. Tsabola anali asanawaonepo akusangalala chotero.

6. Tsabola aimirira

Aphunzitsi a kalabu anamuitana. Anapita kutsogolo.

Anayamba ndi zokoma. Anaulula za mgolo, anthu n'kugwira pakamwa. Ananena za makina osokera, ndipo onse anatembenukira kwa amayi, amene anamwetulira mwamanyazi. Anayamikira kusalankhula kwa alendo, nati wina akanawapatsa mawu filimu ikanasanduka nthabwala. Kenako anafika pa tambala ndi masilipasi.

"Ndikupempha alendo athu kuti ulendo wina adzagule nsapato," anatero. "Ndipo katswiri wathu uja asadzaloledwe kulowa m'khitchini, adzanunkhiza ndi moto womwe."

Holo inagwa ndi phwete. Ngakhale mayi wa ku kanema anavula magalasi n'kupukuta m'maso. Achimwene nawo ankaseka, ndipo anamugwedezera mutu kuti basi, wakwanitsa, akhale pansi. Mpando wake unali pafupi. Akanakhala, aliyense akanapita kwawo akumuyamikira.

Tsabola sanakhale.

"Pali cholakwika china," anatero, "ndipo chimenechi si choseketsa."

Kuseka kunazirala. Amayi anamuyang'ana n'kupukusa mutu pang'ono. Tsabola anaona, koma anapitiriza.

"Mufilimuyi zinthu zonse n'zopanga. Chombo ndi mgolo. Alendo ndi anyamata a mumsewu mwathu atavala maneti a udzudzu. Mvula ija ndinkathira ndine ndi paipi, ndili padenga. Tikatuluka muno palibe akaope mgolo kapena neti. Koma chinthu chimodzi si chopanga. Dzanja lija n'lenileni, ndipo mwini wake akuyenera kubwera kusukulu Lolemba.

"Filimuyi yatifunsa funso labwino, loti kodi anthufe tinachokera kuti. Koma yankho lake likuti ena mwa ife si anzathu, ndipo yatiuza powazindikirira. Ikutinso tikawachotsa zinthu zitiyendera. Mufilimu yonse palibe ngakhale mmodzi amene anaima pakhomo paja n'kunena kuti, 'Mwanayu ndi wathu, sapita.' Ngakhale mayi ake sanalire. Pompano wina wanena kuti timupereke, ndipo taseka. Dzulo ana ena sanangoseka, anachita. Zimene zatsatirapo sindinena, poti mwini wake sanandilole."

Anatembenukira kwa mayi wa ku kanema uja. "Mayi, filimuyi ndi yokoma kuposa ambiri amene ndaonera, ndipo kukomako n'kumene kukundiopsa, chifukwa anthu aikhulupirira. Ndikupempha kuti isapite pa kanema mmene ililimu."

Nthawi yomweyo manong'onong'o anayamba.

"Nsanje imeneyo!"

"Mlongo wake yemwe? Abale inu!"

Amayi anaphimba nkhope ndi manja. Achimwene anayang'ana pansi, mitsempha ya pakhosi itaima.

Mayi wa ku kanema anaimirira, navala magalasi. "Achimwene, tandiuzani. Dzanja lija ndi la mwana weniweni?"

"Inde, mayi. Ndi mlongo wanga wamng'ono."

"Ine ndimayesa mwaumba, monga munapangira chombo." Anawayang'ana m'maso. "Luso muli nalo, ndipo sindinena zimenezi kwa aliyense. Koma lero sindiitenga. Mwanayo mumuchotsemo, ndipo mapetowo muwaganizirenso. Mukatero mudzandipeze. Sindikulonjeza kuti malo adzakhala akadalipo."

Anthu anatuluka akung'ung'udza, ena akumuyang'ana Tsabola ndi diso loipa. Amayi anatuluka nawo osalankhula kwa aliyense. Achimwene anayamba kukulunga chinsalu. Tsabola anawayandikira.

"Achimwene..."

"Mtima wakhala pansi tsopano?"

"Ine ndimafuna..."

"Usanditchule. Pita ukapeze achimwene ena."

Mawu amenewo anamulasa kuposa zonse zimene anthu ananena. Anaima pakati pa mabenchi opanda anthu, misozi ikutsika, osaipukuta. Ankadziwa kuti sanalakwe, koma kudziwako sikunachepetse kuwawa.

7. Foni ya Mawaya

Amene anabwera kwa awiriwo ndi Mawaya. Munthu wokonda nthabwala uja anali atatuwa milomo, foni ili m'manja.

"Akulu," anatero, "pali chinthu."

"Osati pano, Mawaya."

"Ayi, ndi pano pomwe. M'mawa ndinaopa kuti anthu sabwera ambiri, holo ingachititse manyazi pamaso pa mlendo. Ndiye ndinadula kachidutswa ka filimu n'kutumiza m'magulu a pa foni. Ndimayesa ndikungokopa anthu."

"Kachidutswa kati?" anafunsa Tsabola.

Mawaya anangowapatsa foni. Panali dzanja lija ndi nkhope ya Mzime, ndipo pansi pake Mawaya anali atalemba kuti, "Si zopanga, mwanayu alipodi." Anthu anali atatumizirana kale m'magulu ena amene Mawaya sankawadziwa n'komwe. Mauthenga ankangolowa motsatizana. Womaliza unali wa munthu amene ankati wamuona mwanayo masana, akulowa m'nyumba ya namwino wa kumapeto kwa msewu.

Chinsalu chinagwa m'manja mwa achimwene. Sanamukalipire Mawaya, analibe nthawi. Anatuluka pa liwiro, Tsabola ali pambuyo.

Asanafike anamva phokoso. Pa mpanda wa nyumba ya azakhali panali khamu, ana asukulu, anyamata a njinga, ngakhale azimayi akuluakulu atanyamula madengu awo. Mafoni anali m'mwamba.

"Atuluke!"

"Tingoona dzanja basi, sitimudya!"

Achimwene anadutsa pakati pawo akukankha ndi zigongono. Azakhali anali pakhomo atagwira tsache ngati chibonga, akadali mu yunifolomu yoyera. Atawaona awiriwo sanawayang'ane kumaso. Anayang'ana kumbuyo kwawo, kenako m'mbali, ndipo nkhope yawo inasintha.

"Sali nanu?"

"Ndani, azakhali?" anafunsa Tsabola, ngakhale yankho ankalidziwa.

"Mzime. Phokosoli litayamba ndinamusiya kuchipinda kuti ndikatseke geti. Pobwerera ndapeza zenera lakuseri lili pululu. Ndimayesa wathawira kwa inu."

Achimwene anakhala pansi pa masitepe. Kenako anadzambatuka, natulukanso mumsewu, akuthamangira uku ndi uku.

"Mzime! Mzime iwe! Ndine achimwene ako!"

Palibe anayankha. Pampanda paja mafoni onse anatembenukira kwa iwo.